Ndimayesa ndaonana ndi dokotala, kodi physician associate ndi ndani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Nottingham, ndalidula pang'ono:

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 52, ndimagwira ntchito ya care kuno ku England. Patha masabata asanu m'mimba mukundiotcha cha pamwamba apa, makamaka usiku. Nditaimba foni ku GP anandipatsa apoyintimenti, amene anandiona anali mnyamata waulemu bwino, stethoscope ili m'khosi, anandifunsa mafunso ambirimbiri kenako anatuluka kuti akasainitse pepala la mankhwala. Anandipatsa omeprazole. Nditayang'ana pa NHS App ndi pamene ndinaona kuti sanali dokotala, alemba kuti physician associate. Mankhwala athandizako koma kuwawa sikunathe. Anzanga kutchalitchi ena akuti anthu amenewa akupha anthu, ena akuti ndi chimodzimodzi ma clinical officer akwathu palibe choopsa. Ndiyeno mwana wanga wamkazi wamaliza digiri ya biomedical science, akufuna akachite kosi yomweyi. Ndichite mantha? Nanga mwanayu ndimuuze chani?"

Mayi, mtima pansi kaye. Kutengera mmene mwafotokozera, mnyamatayo sanachite chachilendo. Munthu wa msinkhu wanu akabwera ndi chilungulira popanda zizindikiro zina zoopsa, kumuyesa omeprazole kwa mwezi umodzi ndi zimene ngakhale ine ndimachita kawirikawiri, ndipo kutuluka kuja kukasainitsa pepala ndiye lamulo lake, iye saloledwa kulemba mankhwala yekha. Cholakwika chimene ndikuchiona ndi chimodzi, munatuluka m'chipindamo musakudziwa kuti mwaonana ndi ndani. Anayenera kukuuzani poyamba pomwe kuti iye si dokotala. Ndipo poti kuwawa sikunathe, ulendo wachiwiriwu mukaonane ndi GP weniweni, ndiye kuti dokotala wa pa kiliniki ya m'dera lanu, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Tiyambe ndi oti anthuwa ndi ndani. Ntchitoyi inayambira ku America mu 1965, pa Duke University, pamene dokotala wina dzina lake Eugene Stead anatenga anyamata amene ankagwira za chipatala m'gulu la asilikali a pamadzi n'kuwaphunzitsa kwa zaka ziwiri kuti azithandiza madokotala, poti madokotala anali ochepa makamaka kumidzi. Ku Britain inafika mu 2003, oyambawo anachita kuwaitanitsa kuchokera ku America komweko kudzagwira m'ma GP a ku West Midlands. Nthawi imeneyo ankatchedwa physician assistant, kutanthauza wothandizira dokotala. Cha m'ma 2014 dzina linasinthidwa kukhala physician associate, mwachidule PA, ndipo kunena zoona kusintha kumeneku ndi kumene kunasokoneza anthu ambiri, chifukwa munthu wamba akamva mawu amenewa amaganiza kuti ndi dokotala wamkulu kuposa GP. Ine ndakumanapo ndi odwala achizungu enieni, obadwira konkuno, amene ankayesa choncho, ndiye inu musadzione ngati ndinu mbuli.

Maphunziro awo ali chonchi. Ambiri amayamba ndi digiri ya zaka zitatu ya sayansi, ngati ya mwana wanuyo, kenako kosi ya zaka ziwiri, mmene muli za m'kalasi komanso maola pafupifupi 1,600 a m'zipatala, pomaliza amalemba mayeso a dziko lonse, olemba ndi ochita kuonetsa pamaso pa oyesa. Si maphunziro amasewera ayi, zaka ziwiri zimenezo ndi zothina kwambiri. Koma yerekezani ndi GP: zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kusukulu ya udokotala, ziwiri za foundation akuzungulira m'mawodi, kenako zitatu zophunzira u GP. Zaka khumi munthu asanakhale yekha m'chipinda chija. Zinthu ziwiri zimene PA saloledwa ndi kulemba mankhwala komanso kulamula ekisire kapena CT scan, ndipo nthawi zonse amayenera kukhala pansi pa dokotala amene akumuyang'anira.

Tsopano za anzanu amene akuti ndi chimodzimodzi clinical officer. Ndikumvetsa chimene akunenera choncho, koma pamenepa ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ine mbali zonse ziwiri ndaziona ndi maso anga. Ndisanabwere kuno ndinagwirapo pa chipatala china cha boma laling'ono kwathu, ndipo sindichita manyazi kunena kuti amene anandigwira dzanja pa opareshoni yanga yoyamba ya mayi woyembekezera anali clinical officer, bambo wachikulire amene anali atang'amba mimba zambiri ine ndisanalowe n'komwe ku koleji. Ndinali ndi digiri, iye dipuloma, koma mu fiyeta mwana wasukulu ndinali ine. Kwathu clinical officer amaphunzira zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, n'kuchita chaka cha internship, amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo malamulo amamulola kulemba mankhwala, kugoneka wodwala, kuchita maopareshoni. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 chabe, ndiye kwa zaka zambiri zipatala za m'maboma zinamangidwa pa misana ya anthu amenewa, mpaka lero maopareshoni ambiri a amayi oyembekezera m'maboma amachita ndi iwowo. Aliyense kumudzi amawatchula adokotala ndipo palibe amene amadabwa. Chikamukanika amadziwa kuti ambulansi ipite ku Queens, ku Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu.

PA wa kuno sanaphunzitsidwe kuti aziima yekha ngati mmene amachitira clinical officer. Anaphunzitsidwa kuti azigwira pambali pa dokotala. Ndiye vuto linabwera pamene ma GP ndi zipatala zina zinayamba kumugwiritsa ntchito ngati ndi clinical officer, kumupatsa chipinda chake ndi mndandanda wake wa odwala, pamene maphunziro ake ndi malamulo ake ndi a wothandizira. Anzanu enawo amene akuti akupha anthu nawonso akuwonjeza. Ma PA ambiri amene ndagwira nawo ndi akhama, osamala, ena amalemba mbiri ya wodwala bwino kuposa madokotala achinyamata. Amene anawaika pamalo olakwika ndi amene ndimawaimba mlandu.

Malo olakwikawo ndi ati? Ndi pa wodwala amene wangofika kumene, amene palibe akudziwa kuti akudwala chani. Anthu amaganiza kuti ntchito ya GP ndi yophweka, chifuwa, chimfine, msana, basi. Koma kuvuta kwake kuli apa, ambiri obwera ndi m'mimba mootcha ndi asidi chabe, koma apo ndi apo mumadzabwera mmodzi amene ndi mtima, kapena ndulu, kapena khansa imene ikungoyamba, ndipo akamafotokoza amanena mawu omwewo amene enawo ananena. Kuti umugwire ameneyo umafunika unaonapo matenda ambirimbiri achilendo, mwakuti kena kake kamakugunda mumtima ngakhale sukudziwa kuti n'chani. Munthu wa zaka ziwiri amadziwa bwino matenda ofala, koma chimene sanachionepo sangachiganizire, ndipo sangapite kukafunsa dokotala za chinthu chimene sanachiganizire. Amapita kukanena kuti ndili ndi mayi wa chilungulira ndikufuna omeprazole, dokotala amamva nkhani imene yasefedwa kale.

Apa ndiulule za ine mwini. Pa surgery ina, ndiye kuti kiliniki ya ma GP, imene ndinagwirako ganyu kwa miyezi ingapo, ndinali ndi odwala anga kuyambira m'mawa, aliyense mphindi khumi, ndiye pakati pake chitseko chimagogodedwa, PA ali ndi pepala loti ndisaine. Tsiku lina ndinazindikira kuti ndasaina mapepala angapo a anthu amene nkhope zawo sindinazione, nditangomva ziganizo ziwiri ziwiri ndili chiimire pakhomo. Palibe chinalakwika tsiku limenelo, mwayi chabe, koma usiku tulo sitinabwere. Mawa lake ndinakauza amanijala kuti mwina mundichotsere odwala ena kuti ndikhale ndi nthawi yokhala pansi ndi mnzangayu, apo ayi musandilembe kuti ndine womuyang'anira. Pa pepala zimalembedwa kuti akuyang'aniridwa, koma kuyang'anira kwa pakhomo koteroko ndi dzina chabe.

Mwina mukufunsa kuti nanga zinafika bwanji pamenepa. Ndalama, mayi. Mu 2019 boma linayambitsa thumba lotchedwa ARRS, limene limabwezera ma GP malipiro akalemba antchito ena monga ma pharmacist, ma physio, ma paramedic ndi ma PA, koma kwa zaka zisanu thumbali silinkaloledwa kulipira dokotala, mpaka kumapeto kwa 2024 pamene analola ma GP ongomaliza kumene. Ndiye mukhale inu mwini surgery, odwala adzadza, wina ndi waulere wina mulipire nokha, mungatenge uti? Kenako mu June 2023 NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala kuno, inatulutsa pulani yoti pofika 2036 kapena 2037 ma PA akhale 10,000, pamene nthawi imeneyo anali m'ma 3,000 ndi kanthu. Izi zinatuluka madokotala achinyamata ali pa sitalaka ya malipiro imene inayamba mu March chaka chomwecho, ndipo chinawapsetsa mtima kwambiri ndi choti PA wongoyamba kumene ankalandira pa giredi ya Band 7, pafupifupi mapaundi 43,700 pachaka nthawi imeneyo, pamene dokotala wa chaka choyamba, yemwe amasainira mankhwala a PA yemweyo m'wodi, ankayambira pa mapaundi 32,400. Mkangano unafika poipa, pa intaneti anthu anatukwanana zosayenera, ma PA ena ankachita kuopa kulowa m'chipinda chodyera. Zimenezo sindinagwirizane nazo olo pang'ono, mwana wa eni ake analowa kosi imene boma lomwe linkaitsatsa.

Nkhani imene anzanu akutchalitchi anamva mwina ndi ya mtsikana wa zaka 30 wa ku London amene anamwalira mu November 2022. Anapita ku surgery kawiri akudandaula kuwawa kwa katumba wa mwendo, kenako kubanika, maulendo onse awiri anaonedwa ndi PA iye akuyesa ndi GP. Anauzidwa kuti wabinya mwendo, ndi zotsalira za Covid komanso nkhawa. Chinali chimagazi choundana m'mwendo chimene chinathamangira kumapapo. Wofufuza za imfa ananena kuti akanatumizidwa kuchipatala mwachangu mwina akanakhala moyo. Madokotala nawonso amaphonya matenda amenewa, tisanamizane, koma chimene chinawawa makolo ake n'choti mwana wawo sanadziwe n'komwe kuti sanaonane ndi dokotala, akanadziwa mwina akanaumirira. Makolowo ndi amene anaikoka nkhaniyi mpaka ku nyumba ya malamulo.

Kuchokera apo zinthu zasuntha ndithu. Mu September 2024 bungwe la ma GP, Royal College of General Practitioners, linavota kuti silikugwirizana ndi zoti ma PA azigwira mu GP. Pa 13 December 2024 GMC, bungwe lomwe limalembetsa ife madokotala, linayamba kulembetsanso ma PA, chifukwa zaka zonse zam'mbuyomo kaundula wawo anali wongofuna mwini, munthu akalakwitsa panalibe womulanda chiphaso. Anapatsidwa zaka ziwiri, kuyambira December 2026 wosalembetsa saloledwa kugwira. Nambala yawo ya GMC imayamba ndi chilembo A, ya dokotala ndi manambala okhaokha, ndipo aliyense atha kulowa pa webusaiti ya GMC n'kulemba dzina la munthu kuona kuti ndi ndani.

Ndiye nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, Wes Streeting, inapempha Pulofesa Gillian Leng, amene anakhalapo mkulu wa NICE, bungwe lopereka malangizo a kachiritsidwe ka matenda kuno, kuti aunike nkhani yonse. Lipoti lake linatuluka mu July 2025 ndi mfundo 18, boma linavomera zonse. Pulofesayu anapeza kuti kafukufuku amene alipo ndi wochepa komanso wofooka, sakukwana kunena kuti ntchitoyi ithetsedwe komanso sakukwana kunena kuti ipitirire mmene inalili. Zikuluzikulu zimene ananena ndi izi: dzina libwerere ku physician assistant, asamaone wodwala amene matenda ake sanadziwike kupatula pa timatenda tating'ono timene talembedwa momveka bwino, wongomaliza kumene ayambe wagwira zaka ziwiri m'chipatala chachikulu asanapite ku GP, aliyense akhale ndi dokotala wodziwika dzina womuyang'anira, ndipo yunifolomu ndi baji zikhale zoti wodwala asasokoneze. Ndiye mayina onse awiri mukumana nawo, associate ndi assistant, ndi munthu yemweyo. Ndipo mukaona bwino, nkhani yanuyi, mayi wa zaka 52 ndi kuwawa kwatsopano kwa m'mimba, ndi mtundu wa wodwala amene lipotili likuti ayambe waonedwa ndi dokotala. Koma malo ena amasintha msanga ena amachedwa.

Pali malo amene ine PA ndimamufuna ndithu. M'wodi madokotala achinyamata amasinthidwa miyezi inayi iliyonse, akangozolowera basi apita, pamene PA amakhala pompo zaka, amadziwa kuti fomu yakuti ili pati, sikani imapemphedwa bwanji, wodwala uyu anagonekedwapo chaka chatha. Kutenga magazi, kuika kanula, kulemba makalata otulutsira odwala, kutsatira zotsatira za ku labu, kufotokozera achibale, ntchito zimenezi zikagwiridwa bwino dokotala amapeza mpata woganiza. Ku GP nako, munthu amene tikudziwa kale kuti ali ndi shuga kapena BP, wabwera kudzaunikidwa mwa nthawi zonse, PA wozolowera amamuthandiza bwino, nthawi zina amakhala ndi mphindi zambiri zomvetsera kuposa ine. Ndiye tsiku lina akadzakuuzani kuti wokuyezani BP ndi PA musadzathawe.

Tibwere kwa inu tsopano, zimene zili zofunika kwambiri. Imbani ku surgery sabata ino, nenani kuti munaonedwa kale, mankhwala mwamwa, vuto silinathe, ndipo mukufuna GP. Wa pa risepushoni akakuuzani kuti mukaonana ndi clinician kapena mmodzi wa timu yathu, funsani kuti ameneyo ndi dokotala, nesi kapena PA. Mukalowa m'chipinda funsaninso, si mwano. Ife kwathu tinaleredwa kuti munthu wa chipatala safunsidwa, umangoti zikomo adokotala n'kutuluka, koma kuno kufunsa ndi ufulu wanu ndipo iwo ali ndi udindo woyankha mosabisa. Mwina mudikira masiku angapo owonjezera kuti mupeze GP, pa vuto lanuli kudikirako kuli bwino bola ngati palibe zizindikiro zimene nditchule pansipa. Ku England kulinso lamulo la 2025 lotchedwa Jess's Rule, loti munthu akabwera katatu ndi vuto lomwelo osapezeka chenicheni, kapena likukulirakulira, a surgery aganizenso mwatsopano. Mutha kulitchula dzina ngati akukuzungulitsani.

Kwa GP mukanene zinthu izi ngakhale asakufunseni. Choyamba mankhwala opha ululu. Ndikudziwa ntchito ya care mmene imathyolera msana, kunyamula anthu, mashifiti a maola khumi ndi awiri, ndipo azimayi ambiri amene ndimawaona amangomwa ibuprofen, bufeni uja, kapena diclofenac wochokera kumudzi, pena m'mimba mulibe kanthu. Amenewa amakanda chifu mpaka zilonda. Ngati mukumwa siyani, gwiritsani paracetamol, ndipo mukanene. Mankhwala azitsamba kapena aliwonse amene wina anakubweretserani mu sutikesi mukawatchulenso. Chachiwiri pemphani kuyezedwa kachilombo kotchedwa H. pylori, kamene kamakhala m'chifu ndipo n'kofala kwambiri mwa ife amene tinakulira ku Africa. Amayeza chimbudzi kapena mpweya, koma pali msampha, omeprazole amakabisa, ndiye mumayenera kukhala masabata awiri osamwa musanayezedwe, ndi masabata anayi ngati munamwa ma antibiotic. GP akuuzani mmene mungachitire, pa masiku amenewo Gaviscon amathandiza. Kakapezeka mankhwala ake ndi a sabata imodzi, mitundu itatu pamodzi. Chachitatu, kuyeza magazi kuona ngati akuchepa, ndipo ngati kuwawa kumabwera mukadya zamafuta n'kumalasa kumanja pansi pa nthiti kapena kumsana, nenani, mwina ndi timiyala ta mu ndulu, pamenepo pamafunika sikani ya ultrasound. Pa msinkhu wanu ndimafunsanso za kutupa mimba kosatha, kukhuta msanga, kukodza pafupipafupi, chifukwa khansa ya thumba la mazira imayamba mwakachetechete chonchi ndipo pali kuyeza magazi kotchedwa CA125. Sindikunena kuti muli nayo, mwayi waukulu ndi woti ndi asidi kapena kachilombo kaja, ndikungokuonetsani mafunso amene amayenera kufunsidwa ulendo wachiwiri.

Musadikire apoyintimenti ngati chakudya chikukakamira pomeza, mukuonda osadziwa chifukwa, kapena mukusanza mobwerezabwereza, zimenezo imbani tsiku lomwelo, surgery ikakhala yotseka imbani 111. Mukasanza magazi kapena zooneka ngati makhofi, chimbudzi chikakhala chakuda bii ngati phula, m'mimba mukawawa mwadzidzidzi mpaka kuuma gwa, kapena kuotchako kukabwera ndi thukuta, befu, kulemera pachifuwa, kuwawa kwa nkono kapena chibwano, imeneyo ndi 999 kapena A&E, ku chipatala cha zangozi, basi, musayambe kuimbira abale kaye. Azimayi ambiri mtima ukamawadwalitsa amayesa chilungulira. Ndipo ngati mukufuna kudandaula kuti simunauzidwe amene akukuonani, lemberani practice manager, manijala wa surgery, kalata yaifupi, mosakalipa. Sizikuchotserani thandizo, ndipo mwina zithandiza kuti mnyamatayo azidzitchula bwino kwa otsatira.

Za mwana wanu. Akanandifunsa mu 2019 ndikanati pita, malipiro abwino, ntchito ili mbwee, sumasamutsidwasamutsidwa ngati dokotala wachinyamata. Lero ndinganene kuti aime kaye. Chiyambire mkanganowu ma GP ambiri asiya kulemba ma PA, ena achotsedwa ntchito, omaliza kosi ambiri akusowa kolowera, mayunivesite ena ayimitsa kulandira ophunzira atsopano. Ndiye lamulo loti wongomaliza ayambire m'chipatala chachikulu likutanthauza kuti onse akulimbirana mipata yochepa yomweyo. Ntchitoyi sikutha, lipoti lija silinaithetse ndipo linanenanso kuti pakhale njira yokwerera kwa amene akhalitsa, koma mmene idzaonekere zaka zisanu zikubwerazi zikukonzedwabe, pamene fizi ndi ngongole ya zaka ziwiri ndi zenizeni lero.

Mumufunse funso limodzi, ndipo ayankhe moona: akufuna kukhala PA, kapena akufuna udokotala koma akuona ngati iyi ndi njira yachidule? Ngati ndi chachiwiricho asalowe. Palibe mlatho wochoka pa PA kupita pa dokotala, adzayenera kuyambanso sukulu ya udokotala ngati wina aliyense, ndipo ndaona ana anzeru akukhumudwa atafika zaka makumi atatu akusainitsabe pepala kwa dokotala amene ndi mng'ono wawo. Ndi digiri yakeyo atha kuyesa graduate entry medicine, kosi ya udokotala ya zaka zinayi ya anthu amene ali kale ndi digiri, mpikisano ndi woopsa koma anthu amalowa, ena ulendo wachiwiri. Adziwenso kuti pepala la PA la ku Britain silimulola kukagwira ku America, kumeneko amafuna amene anaphunzira m'sukulu zawo. Ngati chimene akufuna ndi kugwira odwala ndi kukhala ndi ntchito yokhazikika, pali masters ya unesi ya zaka ziwiri ya anthu amene ali kale ndi digiri, ndipo nesi patsogolo pake atha kuphunzira kulemba mankhwala n'kufika pa advanced practitioner, zimene PA pakadali pano sangathe. Pali radiography, pali u paramedic, palinso njira ya ku labu kumene digiri yakeyo imalowera mwachindunji ngati ili yovomerezeka ndi IBMS, bungwe la akatswiri a ku labu, ayang'ane pa satifiketi yake.

Koma ngati waziona zonsezi ndipo akuti ayi amayi, ine ndikufuna ntchito yomweyi, yothandizira dokotala m'wodi, ndipo sindidzadandaula kuti chomaliza amanena ndi wina, musamuletse. Angochita izi asanalipire kalikonse: apemphe kutsatira PA wa m'chipatala kwa masiku angapo aone tsiku lake mmene limayendera, ayankhule ndi amene anamaliza chaka chathachi osati amene anamaliza kalekale, ndipo pa tsiku loonetsa sukulu afunse a yunivesite kuti mwa amene anamaliza ulendo wapitawu ndi angati ali pa ntchito ya u PA panopa, ayankhe ndi nambala. Inu mukakaonana ndi GP mudzandilemberenso zotsatira za H. pylori zija, ndipo botolo la bufeni ngati lili m'chikwama cha kuntchito lichotsenimo lero.